Nyenyezi ya Mchira ndi Mbaula ya Amayi

Sabata ino ndinatsala pang'ono kunamiza masukulu onse a m'boma la Kafue. Chodabwitsa n'chakuti ndikanatero osatsegula pakamwa ngakhale kamodzi.

Inu amene mumawerenga danga lino mukundidziwa kale. Ine Zelipa pakamwa ndine wosauka. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, yankho limakhala lilipo ndithu, koma likafika pakhosi limabwerera lokha. N'chifukwa chake ndimalemba. Pepala silikuyang'ana m'maso.

Nkhani yake ndi ya nyenyezi ya mchira ija. Munaiona? Masiku ano dzuwa likangolowa ikumaoneka kumadzulo, m'munsimunsi, ili ndi kamchira kotuwa ngati wina wafufuta choko pabolodi ndi chala. Sichedwa. Pakangotha ola limodzi imakhala italowa, kutsata dzuwa. M'minibasi anthu aikamba mpaka kutopa. Ena akuti ndi chizindikiro cha masiku otsiriza, ena akuti ikulosera mvula yambiri. Bambo wina ndinamumva akulumbira kuti ndi ndeke imene yaima m'mwamba chifukwa mafuta aithera.

Aphunzitsi athu a sayansi, Ba Tembo, sanafune zongomva. Anapita ku Lusaka kukabwereka telesikopu kwa mnzawo amene anaphunzira naye. Anabwera nayo paminibasi ataikulunga m'chitenje cha akazi awo, ataifungata pamiyendo njira yonse. Akuti atafika pa Shimabala, mayi wina amene anayandikana naye analephera kupirira.

"Imwe atate, muvundukuleni mwana kumaso! Azapuma bwanji na kupsa uku?"

Lolemba masana Ba Tembo anasonkhanitsa ife a kalabu ya sayansi. M'dzanja lawo munali mbatata, imene kuno timati kandolo, ataibaya ndi pensulo pakati.

Anatifotokozera kuti chimene timaona kumwamba si mwini wake weniweni. Mwini wake ndi kanthu kamene kali m'kati, kamene iwo anakatcha njere. Njereyo ndi chibuma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi ndi miyala, chakuda ngati khala, ndipo kukula kwake mwina n'kuchokera pa siteshoni ya sitima kukafika ku Shimabala, basi. Ikayandikira dzuwa imayamba kutuluka mpweya ndi fumbi, n'kudzikuta m'chifunga chachikulu kuposa dziko lathu lino. Mchira uja ndi chifunga chomwecho chikukankhidwira kumbuyo.

"Manje vuto ni iyi," anatero Ba Tembo. "Njere siioneka. Olo akatswiri amene ali na matelesikopu akulu monga nyumba, amaona chabe kadontho. Ndiye amadziwa bwanji ukulu wake na maumbidwe ake?"



Anakweza kandolo uja n'kuyamba kumuzunguza pang'onopang'ono. Akationetsa m'mbali, ankaoneka wamtali. Akationetsa kunsonga, ankaoneka wamng'onong'ono. Njerenso ndi chimodzimodzi, anatero. Ikamazungulira, pena imaonetsa dzuwa mbali yaikulu, pena yaing'ono, ndiye kuwala kwake kumakwera n'kutsika. Ngati ili ndi bowo lofwenthera mpweya mbali imodzi, kuwalako kumasinthanso bowolo likatembenuka. Munthu woleza mtima akalemba kukwera ndi kutsikako, angathe kulingalira mmene chinthu chosaonekacho chinaumbidwira, liwiro la kuzungulira kwake, ndiponso ukali wake.

Ine zimenezi zinandilowa mumtima. Kudziwa chinthu chobisika pongoyang'anira mmene chikuwalira ndi kuzilala! Madzulo ake ndinazilemba m'buku langa la tsiku ndi tsiku, n'kuzitsekera mzere pansi.

Kenaka anagawa ntchito. Iwo adzakhala pa telesikopu, ndipo mphindi iliyonse adzatchula nambala ya kuwala kwa pakati penipeni pa nyenyeziyo, kuyambira wani mpaka teni. Mnzanga Mutinta, amene amatsogolera nyimbo kutchalitchi kwawo ndipo mawu ake safuna maikolofoni, adzakafotokoza zimene tapeza pachionetsero cha sayansi cha masukulu ku Boma, Loweruka. Ine ndinapatsidwa kope, wotchi ndi katochi kokutidwa ndi pepala lofiira la switi, kuti kasamathobwe anthu m'maso.

"Iwe Zelipa uzalemba," anatero Ba Tembo. "Dzanja lako ni labwino, elo sukamba. Suzanisokoneza."

Ndinalandira ngati chiyamikiro. Ndikuganiza kuti chinali chiyamikiro.

Panatsala chipata chimodzi: amayi anga. Amayi amaotcha chimanga m'mbali mwa msewu kwathu ku Nangongwe, ndipo lamulo lawo ndi limodzi chibadwire changa: mwana wamkazi dzuwa limulowere ali pakhomo. Ndinagwada, ndinafotokoza za njere ndi chifunga, iwo akusenda chimanga osandiyang'ana.

"Kuli anyamata kumeneko?"

"Alipo, amayi. Koma onse azayangana kumwamba."

"Kumwamba! Na atate ako ananipeza ati ayangana kumwamba. Mvera kuno. Kumene uyenda, ine nili pambuyo na mbaula yanga. Ine nikachoka, naiwe wachoka. Wamva?"

"Namva, amayi."

Choncho dzuwa likupendeka tinalowera kubwalo la mpira, ine nditasenza thumba la chimanga chachiwisi cha kudimba, amayi atanyamula mbaula. Magetsi anali atapita monga mwa masiku onse, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva munthu akuyamikira zimenezo. Ba Tembo anati mdima wa Nangongwe ndi wapamwamba kuposa wa ku Lusaka.

Inu mukudziwa mmene timachitira kuno. Munthu akangoima n'kuloza chala kumwamba, pakutha pa mphindi zisanu pamakhala anthu makumi atatu. Telesikopu inaimikidwa pakati pa bwalo, khamu n'kuizinga. Amayi, amene amadziwa kumene makasitomala amalowera, anakatula mbaula yawo cha ku goli la kumadzulo, pafupi ndi msewu.

Ba Tembo anatsinzina diso limodzi, n'kuyamba.

"Eyiti. Eyiti. Eyiti. Seveni. Faifi... folo! Folo! Sikisi. Eyiti."

Ine ndikulemba. Patapita kanthawi zinabwerezanso. Kenaka kachitatu. Nditawerenga pa wotchi ndinapeza kuti kuchokera pa folo wina kufika pa folo winanso pankapita mphindi khumi ndi imodzi, osaphonya.

Ba Tembo anamasula tayi.

Anati njere za nyenyezi zoterezi zimatenga maola ambiri kuti zizungulire kamodzi. Ya mphindi khumi ndi imodzi sanaimvepo. Chinthu chothamanga chotero sichingakhale chamoyo nthawi yaitali, chiyenera kuti chikusweka, ndipo ife ana a ku Kafue ndife oyamba kuchigwira chikusweka.  Mutinta anakweza manja n'kunena kuti Mulungu amagwiritsa ntchito zonyozeka kuchititsa manyazi zamphamvu. Anthu anaomba m'manja, ngakhale ambiri sanamve chimene chikuomberedwa.

Kulemba kutatha, Ba Tembo analola anthu kusuzumira mmodzimmodzi. Ndinaima pamzere. Kunabwera agogo ena, ndinawapatsa malo. Kunabwera mayi wa mwana kumsana, ndinamupatsa malo. Kunabwera adikoni, kunabwera alamu awo a adikoni. Pamene ndinkafika kutsogolo, nyenyezi inali italowa kuseri kwa mitengo.

"Mailo uzaona," anatero Ba Tembo, kutanthauza mawa, akukulunga mwana wawo uja m'chitenje.

Lachiwiri ndi pamene ndinaona chimene sindinkafuna kuona.

Anthu anali atamva kuti folo ndiye nambala ya zodabwitsa, ndiye Ba Tembo akangofuula kuti "Folo!" maso onse ankatembenukira kwa ine kuti aone ndikulemba. Ine maso a anthu akandigwera, anga amathawira pansi. Ndi mmene ndinabadwira. Posakhalitsa bwalo lonse linabwerera chagada, makosi ali m'mwamba, ine ndekha nditazyolika. Ndipo ndili chizyolikire choncho, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, ndinaona kuwala kofiira kukuphulika cha ku goli la kumadzulo.

Amayi anali kukupiza moto.

Ndinati mwina zangochitika. Ndinadikira folo wachiwiri. Kuwala kofiira kunaphulikanso.

Muyenera kudziwa kaotchedwe ka amayi anga. Akachotsa chimanga chakupsa, amaponya makoko pamakala kuti moto udzuke, amayala china chachiwisi, n'kukupiza ndi chibenthu cha katoni mpaka utsi utakwera tolotolo. Wotchi alibe. Ali ndi nyimbo ina ya m'buku la kutchalitchi, ya mavesi asanu, imene amaiimba chamumtima. Akaimaliza kawiri, chimanga chapsa. Ine ndakulira pambali pa mbaula imeneyo, nyimboyo ndimaidziwa ngati dzina langa, koma ndinali ndisanaipimepo pa wotchi. Tsiku limenelo ndinaipima.

Mphindi khumi ndi imodzi.

Nyenyezi inali m'munsi kumadzulo. Mbaula inali kumadzulo. Utsi mumdima suoneka, ndipo fungo la chimanga chootcha ku Nangongwe palibe amene amalifunsa kumene lachokera. Njere imene inkasweka pamaso pa ana a ku Kafue inali chimanga cha amayi anga.

Tsopano ndiuzeni, inu mukanatani?

Ndikakhala chete, Loweruka bodza likapachikidwa pakhoma ku Boma, lolembedwa ndi dzanja langa labwino lija, ndipo Ba Tembo akasekedwa ndi aphunzitsi anzawo mpaka adzapume pantchito. Ndikanena, mbaula ichotsedwa. Mbaula ikachoka, amayi achoka. Amayi akachoka, ine ndachoka, ndisanaike diso langa pa telesikopu ngakhale kamodzi. Pakuti Lachiwirinso mzere unandithera panjira: kunabwera gulu lonse la amayi ochokera kumapemphero, ndipo ndinawapatsa malo mpaka womaliza.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wanga anakhala pambaula ya amayi ondibereka.

Komatu ndisadzinamize. Ngakhale pakanapanda amayi, kodi ndikanatha kuuza Ba Tembo kuti alakwa? Tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula, mwana amati inde, maso pansi. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza. Umatiphunzitsa kudikira, kumvetsera, kupatsa agogo malo pamzere. Koma taonani kumene umatifikitsa nthawi zina.

Chaka chatha aphunzitsi ena analemba pabolodi yankho lolakwika la samu. Kalasi yonse tinaona. Kalasi yonse tinakopera, mosamala, ena mpaka kutsekera mzere pansi ndi rula. Tsiku lina apongozi a azakhali anga anabwera kudzacheza, azakhali mwa mantha n'kuthira mchere mu tiyi m'malo mwa shuga. Anthu asanu ndi mmodzi tinamwa tiyi uja mpaka pansi pa kapu, tikuthokoza. M'minibasi dalaivala amathamanga ngati akuthawa njuchi, aliyense wagwira mpando wa kutsogolo, milomo ikupemphera, koma woti anene kuti "Ba dalaivala, pang'onopang'ono" amasowa. Tikatsika amoyo m'pamene timayamba kulongolola, basi itapita kale.

Timautcha ulemu. Koma munthu wamkulu akatuluka m'nyumba ali ndi mwaye pamphuno, waulemu ndani: amene wamuuza pakhomo, kapena amene wamugwadira n'kumusiya akafike nawo kumsika?

Izi kulemba n'kosavuta. Lachitatu ndinayesa kuzinena kwa Ba Tembo, amene ife ana asukulu timawaitana Ba Sa.

"Ba Sa..."

"Faifi! Lemba, Zelipa, lemba! Folo!"

Ndinalemba. Koma ndinachitanso chinthu china, chokhacho chimene ndimatha. Ndinajambula mzere kutsika m'mbali mwa tsamba, ndipo nthawi iliyonse amayi akakupiza moto ndinkaika chilembo K. Pamapeto pake folo aliyense anali ndi K wake pambali, ngati mkwati ndi mkwatibwi. Tsiku limenelo pamzere sindinaimepo n'komwe. Ndinalibe mtima.

Pobwerera kunyumba amayi anali osangalala. Chimanga chinali chitatha chonse.

"Iyi nyenyezi yanu ikhale chabe mpaka Khisimasi," anatero. "Nanga iwe wakhala zii bwanji?"

"Nilibe kanthu, amayi."

"Uli na kanthu. Koma uzakamba ukafuna, monga atate ako."

Lachinayi m'mawa ndinakagogoda ku ofesi ya aphunzitsi. Ndinapeza Ba Tembo akujambula chithunzi chachikulu cha njere papepala lolimba. Anaijambula ngati kandolo wothyoka pakati, moto ukutuluka m'mbali. Inali yokongola, ndinamva chisoni. Ndinapinda bondo n'kupereka kope ndi manja awiri, litatsegulidwa patsamba lija.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Aka ka K ni ka chani?"

"Kukupiza, Ba Sa."

"Ndani akupiza?"

"Amayi."

"Akupiza chani?"

"Mbaula."

Anatsatira manambala ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anabwereranso pamwamba. Kenaka anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Ndinati basi, ndaliza mphunzitsi, andichotsa sukulu. Koma atachotsa manja ndinaona kuti akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ileveni minitsi," anatero. "Mayo ine! Zelipa, pafupi na iyo nyenyezi ya mchira pali nyenyezi zina wamba. Nikanayangana imodzi chabe, nikanaona kuti nayonso izima pa nthawi imodzimodzi. Ndiye lamulo loyamba ilo, nimakuphunzitsani ine mwine. Koma ine maso yanali pa iyo imodzi, monga mnyamata wamene wakonda." Anapukuta magalasi. "Unadziwa liti?"

"Pa Chiwiri."

"Pa Chiwiri! Nanga unakhalira chani chete?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Za lamulo la amayi sindinanene.

Madzulo ake Ba Tembo sanayambe ndi telesikopu. Anapita kaye ku goli la kumadzulo, khamu likuwatsata, n'kukaima patsogolo pa mbaula manja ali kumbuyo.

"Amake Zelipa, mwachoma bwanji?"

"Bwino, ba ticha. Chofewa olo chokhwima?"

"Lelo nabwera kupempha thandizo. Nikakuwa kuti kupizani, mukupize na mphamvu. Nikati lekani, muleke."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Masukulu ya masiku yano," anatero, koma anavomera.

Ba Tembo analozetsa telesikopu pa nyenyezi ina wamba ya kumadzulo komweko, n'kuitana adikoni kuti asuzumire, akhale mboni.

"Kupizani!"

Makoko pamoto, katoni m'manja. Adikoni anadzidzimuka. "Yazima! Nyenyezi yazima!"

"Lekani!"

Patapita kanthawi: "Yabwera!"

"Kupizani!"

"Yazima futi!"

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Ena ankagubuduka paudzu. Wina anakuwa kuti, "Amake Zelipa, zimitsani na mwezi tione!" Mutinta yekha ndiye sanaseke. Anali ataloweza mawu ake onse a Loweruka, ndi malo oti akweze dzanja omwe.

"Manje ine nizakamba chani ku Boma?" anandifunsa. "Ati tinafufuza kumwamba masiku yatatu, tapeza chimanga?"

Ndinatembenuka kuti ndione amayi. Sankaseka. Anali atayamba kuchotsa chimanga pamoto, chosapsa chomwe, n'kumachibwezera m'thumba. Amayi anga sukulu anailekera panjira, ndipo palibe chimene amaopa kuposa kuoneka ngati asokoneza za anthu ophunzira.

"Zelipa! Nyamula thumba. Tiye. Taononga vinthu va ba ticha."

Ba Tembo anayesa kuwaletsa, koma amayi akamanga chitenje kawiri m'chiuno ndiye kuti nkhani yatha. Ndinanyamula thumba. Ndinayenda mapazi atatu. Kumadzulo nyenyezi ija inali itatsala pang'ono kukhudza nsonga za mitengo, ndipo Ba Tembo anali atanena kuti ikapita sidzabweranso ife tili moyo, ngakhale adzukulu a adzukulu athu.

Sindidziwa kumene mawu anachokera. Anakwera, anafika pakhosi paja pamene amabwererapo masiku onse, ndipo sanabwerere.

"Amayi, ine sininaione!"

Anatuluka aakulu kuposa a Mutinta. Anthu anasiya kuseka. Ineyo ndinacheuka kufuna kuona amene wakuwa.

Amayi anaima. "Sunaione chani?"

"Nyenyezi. Mu telesikopu."

"Masiku yonse aya? Nanga wenze kuchita chani?"

"Nenze kulemba. Pa laini nenze kupatsa malo akuluakulu."

Amayi anandiyang'ana, anayang'ana mzere wa anthu, anayang'ana kumwamba. Kenaka anatembenukira kwa aphunzitsi anga ngati akulankhula ndi mwana wawo woyamba.

"Ba ticha, gwirani uko."

Ndipo anthu a ku Nangongwe anaona chinthu chimene sichichitika kawirikawiri kuposa nyenyezi ya mchira: mphunzitsi wa sayansi, tayi atakulunga kudzanja kuti asapse, atanyamulizana mbaula yamoto ndi amayi anga, akudutsa nayo bwalo chothamanga mpaka kumbali kumene mphepo inkapititsa utsi kwina. Atatula, amayi anabwerera molunjika kumzere.

"Sendezani! Sendezani, imwe! Ba dikoni, mwaona kale kanayi, simuzapezamo vesi. Uyu mwana walemba masiku yatatu, kulibe olo mmodzi anamufunsa ngati waona?"

Mzere unang'ambika pakati. Ndinawerama. Ndinatsinzina diso lolakwika, kenaka loyenera.

Ndikuuzeni zoona? Inali yaing'ono. Kanthu kotuwa, ngati chala cha ufa chadinda pa mphika wakuda, pakati pake pali kadontho kowala. Koma sindinafune kuchotsapo diso. Kanali phee, kali kokhakokha kutali kumene kulibe minibasi kapena munthu wokuloza chala.

"Ako kadontho ndiye njere, Ba Sa?"

"Awe. Apo ni pamene chifunga chakhuthala maningi. Njere ili mukati. Sitizaiona."

"Nanga ikula bwanji? Ili monga kandolo?"

"Sitidziwa," anatero Ba Tembo. "Lemba so: sitidziwa. Nayo ni yankho, elo ni yoona."

Amayi nawonso anasuzumira, dzanja limodzi lili m'chiuno. Anakhala nthawi yaitali kuposa adikoni. Ba Tembo anawafotokozera mwachidule za chibuma chakuda chobisika m'kati mwa chifunga chake chomwe.

"Ndiye mukamba kuti kakhala kamodzi chabe ndiye kachita utsi wonse uja?"

"Tingakambe choncho."

"Hm," anatero amayi, akuweramuka. "Wamene anasonkha uyo moto sadziwa kusonkha."

Tinayezanso kwa mphindi zochepa zimene zinatsala. Eyiti, eyiti, eyiti, eyiti. Sindinalembepo tsamba losasangalatsa chotero, ndipo palibe tsamba limene ndimalinyadira kuposa limenelo. Ba Tembo akuti silikutanthauza kuti njereyo ndi yobulungira kapena kuti siizungulira. Likungotanthauza kuti telesikopu yathu ndi yaing'ono, nthawi yathu inali yochepa, ndipo chifunga n'chachikulu.

Chithunzi cha kandolo wothyoka sanachitaye. Mawa chikapachikidwa ndithu ku Boma, pansi pake patalembedwa kuti: Zimene tinkaganiza. Pambali pake padzakhala tsamba langa la ma K. Mutinta wavomera kufotokoza za njere, chifunga ndi mchira, atamva kuti malo okwezera dzanja akadalipo. Koma za mzere wa m'mbali uja, Ba Tembo akuti afotokoze mwini wake. Ndinawapempha kuti ndingolemba papepala anthu aziwerenga okha. Anakana.

"Nangongwe yonse inakumva pa Chinayi," anatero. "Boma ni ing'ono."

Amayi akuti abwera, atavala chitenje cha kutchalitchi, popanda mbaula. Ndawapempha kuti ndikayamba kulankhula aziimba nyimbo yawo ija chamumtima. Akaimaliza kamodzi ndidzakhala nditatha.

Ndiye mawa mukaona mtsikana ataima kutsogolo, kope lili m'manja, maso ali pansi, musafulumire kunena kuti ndi manyazi okha. Mwina ndi manyazi. Koma sabata ino bwalo lonse linkayang'ana kumwamba, ndipo yankho linali pansi, pakati pa miyendo ya anthu.

Nanga inu, kumene muliko, kuntchito, kutchalitchi, m'basi kapena pakhomo, ndi utsi wa yani umene mwauona kuyambira Lachiwiri, koma mukulembabe folo ndi dzanja labwino?